Mpeni wa Dzanja Lamanzere

"Ndiye mukuti anyezi ndidule ndi mano?" anafunsa achemwali, ataima pakhomo la khitchini.

Amayi sanatembenuke. Anapitiriza kutsuka mbale imene anali ataitsuka kale, n'kunena kuti anyezi amatha kuphwanyidwa ndi mwala ndipo palibe amene anafapo nazo. Limenelo linali tsiku lachinayi m'nyumba mwathu mulibe mpeni. Waukulu wodulira nyama, waung'ono wosendera mbatata, ngakhale kopanda chogwirira kamene abambo amapalira matope ku nsapato, yonse amayi anaikulunga m'chiguduli n'kukaisungitsa kwa mnzawo wa kutchalitchi. Inatsala sizasi yokha, ndipo nayonso ankayenda nayo.

Anatero chifukwa cha mawu amodzi. Lamlungu tikumwa tiyi, achemwali ananena kuti a Bolopeni aona magazi awo mwezi usanathe. Sanakweze mawu. Ananena ngati mmene munthu amanenera kuti mawa achapa mabulangete.

A Bolopeni anali kapitawo ku nazale ya mitengo ya zipatso kumene achemwali anagwira ntchito yomezanitsa mbande kwa zaka zisanu ndi zinayi. Dzinalo anapatsidwa ndi azimayi a kumeneko chifukwa cha zolembera zinayi zimene zinkandandalika m'thumba la malaya awo. Analinso mlamu wake wa mwini nazale, ndipo mfundo imeneyi ndi imene abambo analowa nayo m'khitchinimo atamva phokoso.

Anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Anati munthu wosauka salimbana ndi mlamu wa bwana, ndipo chanzeru n'kuvala bwino, kupita m'mawa, kukagwada ndi kupepesa. Mwina angawabwezere ntchito, ngakhale yothirira chabe.

"Ndikapepese pa chiti, ababa? Poti sindinabe, kapena poti ndinakana kulowa nawo m'shedi?"

Abambo anatsokomola n'kuyang'ana kudenga. Anati pali nkhani zina zimene mwana wamkazi satchula bambo ake ali pomwepo. Achemwali anayankha kuti n'chifukwa chake nkhanizo zimanenepa, poti zimadyera m'malo mosatchulidwa. Anaika anyezi aja patebulo ali osadula, n'kutuluka.

Za shediyo aliyense ku nazale ankazidziwa. Nthawi yoweruka ikakwana, a Bolopeni ankasankha mayi mmodzi kuti atsale awathandize kusanja matumba a fetereza. Matumbawo sankasuntha. Wovomera ankapatsidwa ntchito ya pamthunzi. Achemwali anali atatetezedwa zaka zonsezo ndi luso la zala zawo, mpaka tsiku limene nawonso anauzidwa kuti atsale. Ananyamula chikwama chawo n'kubwera kunyumba. Patapita masiku awiri, mpeni watsopano womezanitsira umene mwini nazale anauitanitsa kunja unasowa. M'mawa antchito onse atafola, a Bolopeni analengeza kuti anawaona achemwali akugwiritsa ntchito mpeniwo sabata yathunthu, kenako akuuponya m'chikwama. Anakhuthula chikwamacho pansi, munatuluka mpango, chipeso ndi nthochi ziwiri. Anati ndiye kuti augulitsa kale. Anawalanda kampeni kakale ka nazale kamene ankagwirira ntchito, n'kuwaperekeza mpaka pageti.

Mawu akuti wakuba anafika kwathu iwo asanafike. Mwini nazale ina ya kutsidya kwa mtsinje, amene chaka chatha ankawanyengerera kuti asamukire kwa iye, tsopano anati malo adzaza. Wa pagolosale akawaona akubwera ankachotsa botolo la maswiti pakauntala mwaulemu kwambiri, ngati akufuna kupukuta fumbi. Kutchalitchi anawapempha kuti abweze kiyi wa kabati ya azimayi, ati kuti apumuleko.

Ine ndinali pakhomo chaka chachiwiri, digiri ili m'sutikesi, ndikudikira mayankho a makalata ofunsira ntchito. Poti ndinalibe chochita, amayi anandilemba ntchito ya ukazitape. Loweruka achemwali atanena kuti akupita kumsika, amayi anandikokera kuseri n'kundiuza kuti ndiwatsate, ndipo ndikangoona akuyang'ana chinthu chakuthwa ndiwakoke.

Achemwali sanandivutitse n'kuwazonda. Titangofika anandigwira dzanja n'kupita nane molunjika kwa wogulitsa zitsulo, bambo wa mano achikasu amene anayala maloko, mahinjesi ndi mipeni pa chiguduli. Ataona kuti tawerama, anatola waukulu kwambiri, wa mano kumsana ngati ng'ona, n'kutiuza kuti umenewu ukangousolola mbava zimapepesa zokha. Achemwali anati umenewo ndi wa anyamata oonera mafilimu. Anatola wina wonyezimira ngati galasi, wolembedwa dzina la dziko lakutali, n'kulumbira kuti suchita dzimbiri mpaka tidzafe tonse. Achemwali anaugogoda pa chikhadabo n'kuubweza. Anandiuza kuti chitsulo chonyezimira chili ngati mkamwini wa suti: pamaso pa anthu n'chokongola, koma ukachinola lero mawa chabuntha. Chitsulo chabwino chimada, chimafuna mafuta, ndipo chikagwira kuthwa sichitaya.

Anayesa mipeni yopinda isanu ndi umodzi. Uliwonse ankautsegula, kuugwira kunsonga n'kuugwedeza pafupi ndi khutu. Ukalira pamfundo ankauika kumbali, ati mpeni wogwedera umadula mwini wake. Wina unali wolimba koma chogwirira chake chinali cha pulasitiki yoterera, choti dzanja likachita thukuta chikhoza kupulumuka. Wina unali wautali moti sukanabisika m'thumba la siketi. Ndinawafunsa ngati waukulu sukanakhala bwino pa zimene akufunazo, ndikuyembekeza kuti aulula. Anangoti mpeni waukulu amanyamula ndi munthu wamantha, ndipo woyenda nawo tsiku ndi tsiku uyenera kukhala woti uiwale kuti uli nawo.

Pomaliza anatola kakang'ono kamene kanali kumapeto kwa chiguduli, kotalika ngati chala chapakati, kachogwirira chamtengo, kali ndi kadontho ka dzimbiri. Anakatseka n'kukatsegula katatu. Kankalira kuti tha, mosazengereza. Kadontho ka dzimbiri kaja anakagwiritsa ntchito ponenerera, mpaka wogulitsayo anadandaula kuti ana ake agona ndi njala chifukwa cha ife. Tinakagula motchipa kuposa sopo wochapira amene amayi anatituma.

"Koma mayi, kampeni kotere n'kachiyani?" anafunsa akukakulunga m'nyuzipepala.

"N'ka mwamuna wina."

"Ali ndi mwayi bamboyo."

"Sakudziwa n'komwe," anatero achemwali.

Kunyumba ndinapereka lipoti lakuti tagula sopo. Sindinaname.

Sabata yotsatira yonse achemwali ankakhala kuseri kwa khola la nkhuku, mwala wonolera uli pakati pa miyendo, kachitini ka madzi kali pambali. Ine ndinkakhala pa njerwa n'kumaonerera, poti ndiyo inali ntchito yanga. Ndinaona kuti sakunola ngati mmene timanolera wa kukhitchini. Mbali imodzi ankaigoneka pamwala mpaka inasalala ngati tebulo, inayo yokha ndiyo ankaipendeketsa. Nditafunsa, anandifotokozera kuti mpeni womezanitsira umanoledwa mbali imodzi, kuti ukadula kanthambi bala lake likhale losalala, likagwirane ndi tsinde khungwa ndi khungwa popanda mpata. Umadula kamodzi, osabwereza. Ndipo mbali yonoledwayo imatengera dzanja la munthu. Ya m'sitolo yonse ndi ya dzanja lamanja. Iwo ndi amanzere chibadwire, choncho kampeni kakale kamene anawalanda kaja anachita kukanoleranso okha. Wamanzere akatenga mpeni wamanja umakumba m'kanthambi kapena kuterera, ndipo wamanja akatenga wamanzere n'chimodzimodzi.

Ndinadzuka panjerwa paja. Ndinati ndiye kuti mpeni umene unasowa uja, poti unali wamanja, iwo sakanatha kumezanitsira ngakhale mbande imodzi, ndipo a Bolopeni ananama poyera. Anati zimenezo mayi aliyense wa ku nazale anazidziwa tsiku lomwelo, koma onse ali ndi ana odya.

Madzulo ake ndinalemba kalata kwa mwini nazale, masamba awiri, mfundo zili m'ndime zake, yoposa makalata anga onse ofunsira ntchito. Ndinakaisiya ndekha pageti. Mlonda anailandira ndi manja awiri n'kunditsimikizira kuti makalata onse a bwana amayamba afika kwa kapitawo.

"A Digiri," anatero achemwali nditabwerako, osadzutsa mutu pamwala, "kalata amawerenga munthu mmodzi. Ine wakuba ananditchula pa anthu makumi atatu."

Amayi anazindikira Lachinayi. Sanaone mpeniwo, anaona mkono wa achemwali wakumanja uli ndi zigamba zopanda cheya pamene ankayesera kuthwa kwake. Anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Kenako analankhula nthawi yaitali. Anati ndende sasankha kuti uyu anaputidwa. Anati madzi akatayika saoleka, ndipo dzina loti wakuba limafufutika pakapita zaka, koma loti wakupha munthu umapita nalo kumanda. Anati choipa chitsata mwini, Mulungu aweruza yekha. Achemwali anayankha kuti a Bolopeni akhala akudikira chiweruzocho zaka khumi ndipo anenepa nacho.

"Ukuyesa mashedi anayamba lero?" anatero amayi. "Ifenso tinagwirapo ntchito kwa anthu. Tinapirira, n'chifukwa chake munakula."

 Amayi anali asananenepo zimenezi, ndipo ankayang'ana zikhatho zawo.

"N'chifukwa chakenso akadalipo, amayi," anatero achemwali, koma mofatsa. Mpeniwo sanaupereke.

Loweruka linali tsiku limene nazale imatsegulira geti aliyense. Alimi amabwera kudzagula mbande mvula isanayambe, ndipo amaonetsedwa mmene kumezanitsa kumachitikira. Achemwali anasita siketi yawo yabuluu ya matumba. Abambo anavala jekete n'kunena kuti nawonso akufuna kukaona mitengo ya mapeyala, chinthu chimene sanachifunepo moyo wawo wonse. Amayi anatsala, ati miyendo siikuwalola.

Tinapeza anthu oposa zana ataunjikana pansi pa denga la neti yobiriwira, pakati pa mizere ya machubu akuda obzalamo mbande. Ambiri anali a m'dera lathu lomwe, wa pagolosale uja ali pomwepo. Kutsogolo kunali tebulo, ndipo pampando pambali pake panakhala mwini nazale, nkhalamba ya magalasi okhuthala imene inkabwera kamodzikamodzi. Nawonso anayamba ngati womezanitsa, zala zawo zinali ndi zipsera. A Bolopeni ndiwo ankaphunzitsa. Mayi wina wantchito ankadula ndi kumanga, iwo n'kumaloza ndi cholembera, akunena kuti apa ndimadula chonchi, apa ndimamanga chonchi. Atamaliza anafunsa ngati pali funso.

Achemwali anakweza dzanja. A Bolopeni anayang'ana kumanja, anayang'ana kumanzere, n'kunena kuti poti palibe funso tipite kukagula. Mlimi wina wachikulire anati pali mayi apa akweza dzanja kalekale. Anthu anapatuka, achemwali n'kuyenda mpaka patebulo. Anapisa m'thumba. Kampeni kaja kanalira kuti tha, ndipo phokoso lonse linatha.

Abambo anandigwira phewa mwamphamvu moti ndinamva kuwawa masiku awiri. A Bolopeni anabwerera m'mbuyo n'kuponda machubu atatu. Achemwali anautembenuza mpeniwo, kuugwira kunsonga, n'kuuika patebulo chogwirira chitaloza kwa iwo.

"Akapitawo, takumvani ndi makutu zaka zambiri. Lero ife alimi tikupempha tione ndi manja anu. Mbande imodzi yokha."

Wina anaseka kumbuyo, kuseka kwa munthu amene wapuma. Ena anavomereza kuti inde, aphunzitsi aonetse. A Bolopeni anati wantchito waonetsa kale ndipo nthawi yatha. Anatinso mayiyu anachotsedwa ntchito pa zifukwa zimene sakufuna kuzitchula pagulu. Koma mwini nazale, amene ankaoneka kuti akusinza, anati mbande imodzi siitha nthawi.

A Bolopeni anautola mpeniwo ndi dzanja lamanja osauyang'ana n'komwe. Anagwira kanthambi ka mango ngati akusongola pensulo, chala chachikulu chili kutsogolo. Koyamba mpeni unakumba n'kukanirira. Anaukoka mwamphamvu, ndipo unapulumuka. Sanakuwe. Anangoyang'ana chala chawo chitang'ambika, magazi akudontha pa malaya, kenako anachilowetsa m'kamwa ngati mwana.

Mwini nazale anadzuka, kutola mpeniwo, kuupukuta pa thalauza n'kuuyandikitsa ku magalasi. Anautembenuza kawiri. Anati uwu ndi wamanzere, ndipo wophunzira wa sabata imodzi akanaona zimenezo asanadule. Anayesa kuthwa kwake pa chikhadabo, n'kufunsa kuti wanola ndani. Kenako anawayang'anitsitsa achemwali, ndipo ndinaona kuti awakumbukira.

"Bwana, ndili ndi funso lachiwiri," anatero achemwali. "Mpeni wanu wa kunja uja unali wa dzanja liti? Poti alamu anuwa anauza antchito onse kuti anandiona ndikumezanitsira sabata yathunthu."

Nkhalambayo inatembenukira kwa azimayi antchito amene anaima m'mbali mwa mizere, n'kufunsa ngati ndi mmene zinanenedwera. Inati iyo inangouzidwa kuti wakuba wapezeka ndipo wachotsedwa. Azimayiwo anayang'ana pansi. Patapita kanthawi, amene ankadula patebulo uja anagwedeza mutu kuvomereza.

"Unasowa patapita masiku awiri nditakana kukasanja matumba m'shedi," anatero achemwali. "Za matumbawo musafunse ine ndekha."

Apa mwini nazale anatsitsa mawu. Anati izi ndi nkhani za mu ofesi, alendo abwera kudzagula mitengo, ndipo ntchito yawo awabwezera Lolemba popanda vuto lililonse. Anatambasula dzanja kuwalozera njira. Achemwali sanasunthe. Anati mu ofesi angakapezemo ntchito, koma dzina lawo linatayidwa pabwalo pomwepa ndipo alitolera pomwepa. Anati amene analitaya ndi amene alitole.

Anthu onse aja anaima pomwepo, ndalama za mbande zili m'matumba, ndipo nkhalambayo inadziwa kuti palibe agule kanthu nkhaniyi isanathe. Inauza mlamu wakeyo kuti alankhule. A Bolopeni anachotsa chala m'kamwa n'kunena kuti mwina panali kusamvetsetsana, mpeniwo mwina unangosokonekera mu kabati, aufufuza.

"Sindinafunse za kabati," anatero achemwali.

"Sanabe," anatero a Bolopeni, akuyang'ana tebulo.

Achemwali anatembenukira ku gulu n'kufunsa wa pagolosale, amene anali kumbuyo kwenikweni, ngati wamva. Iye anati sanamve, mphepo yachuluka. Ndikhulupirira kuti ankafuna kukonza mlandu wake wa maswiti.

"Mayiyu sanabe mpeni. Ndinanama," anatero a Bolopeni mokweza.

Achemwali anatenga mpeni wawo m'manja mwa mwini nazale. Anatola kanthambi kena, kukadula kamodzi, kung'amba tsinde, kulowetsa, kumanga ndi kapulasitiki, zonse munthu asanameze malovu kawiri. Anaika mbandeyo patsogolo pa a Bolopeni, kupinda mpeni n'kuubweza m'thumba.

Pobwerera abambo anayenda patsogolo, manja ali kumbuyo. Titadutsa mlatho anaima n'kunena, osatiyang'ana, kuti munthu uja sachotsedwa ntchito, mlamu ndi mlamu. Achemwali anati akudziwa. Abambo anapitiriza ulendo, koma ndinaona kuti aliyense amene tinkakumana naye ankamupatsa moni mokweza kuposa masiku onse.

Ndinawafunsa achemwali ngati ankadziwa kuti mpeniwo upulumuka.

"Ndinaunola masiku asanu ndi limodzi," anatero. "Magazi ndinkawafuna. Ndinangofuna kuti dzanja likhale lake."

Ndinawauza kuti tsopano a kutsidya kwa mtsinje awatenga mothamanga, sakufunikanso kubwerera kumalo kumene kuli munthu ameneyo. Ndinadzipereka kulemba kalata. Anandiyang'ana ngati ndalankhula zachibwana. Anati Lolemba alawirira, akakhala pabenchi loyang'anizana ndi khomo la shedi, ndipo nthawi yoweruka azikhala omaliza kunyamuka, tsiku lililonse, mpaka mayi womaliza atatuluka pageti.

"Ndithawe ndine?" anatero. "Akatopa kundiona, geti akulidziwa."